Pakamwa pokha sipapanga loya

Kwathu kuno mwana akakhala wolongolola, woyankha akuluakulu asanamalize kulankhula, wokana mpaka mapeto ngakhale shuga akuonekera pamilomo pake, azakhali ake amangopukusa mutu n'kunena kuti, "Ameneyu adzakhala loya." Amanena mwanthabwala, koma ana ena amazisunga mumtima n'kukula nazo. Amafika nazo mpaka ku Zomba, kenako n'kudabwa kuti m'miyezi yoyambirira ya maphunziro a zamalamulo palibe amene ali ndi chidwi ndi pakamwa pawo. Chomwe aphunzitsi akufuna kuona n'china: kodi mwana ameneyu angakhale pansi maola anayi ndi chigamulo cha masamba 60, n'kudzuka ali ndi ziganizo zitatu zolondola zonena zomwe khoti linagamula ndi chifukwa chake?

Kulankhula kuli ndi malo ake, sindikukana. Koma kuli ngati kuomola nsima: kumabwera itapsa. Zomwe zimagwira wophunzira kuti asagwe panjira ndi zina, zosaoneka msanga, ndipo zambiri mwa izo ana a kumudzi ndi a m'makwalala a ku Ndirande kapena ku Mtandire amakhala nazo kale osadziwa kuti ndi chuma.

Tiyambe ndi khomo lolowera, chifukwa khomolo limatiuza kale mtundu wa munthu amene akufunidwa. Maphunziro a zamalamulo m'dziko muno anayambira ku Mpemba, kufupi ndi Blantyre, asanasamukire ku Zomba mu 1973 pamene Chancellor College inakhazikika kumeneko. Kuchokera mu 2021 kolejiyo ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, ngakhale tonse timangoti Chanco. Kwa zaka zambiri mwambo wa kumeneko wakhala wakuti munthu salowa ku zamalamulo molunjika kuchokera ku Fomu 4. Amayamba waphunzira zina kaye, kaya mbiri yakale, zachuma, zauphunzitsi kapena sayansi, ndiye n'kulemba mayeso apadera olowera. Ena amabwera ali kale ndi digiri, ali pantchito, ali ndi ana kunyumba: aphunzitsi a kusekondale, apolisi, makalaliki a kukhoti. Digiri yakeyo, ya LLB, ndi ya zaka zinayi. Masiku ano mayunivesite ena omwe si aboma akuphunzitsanso zamalamulo, ndipo kuli Malawi Institute of Legal Education, komwe anthu amakasulidwa pa ntchito yeniyeni ya uloya. Koma taonani tanthauzo la mwambo uja. Mapointi 6 a MSCE amakufikitsa pageti basi. Kupitirira apo akufuna munthu amene waonetsa kale kuti angathe kudziphunzitsa yekha popanda mphunzitsi womulembera manotsi pabolodi.

Chinthu choyamba ndi kuwerenga, ndipo sindikunena kuloweza kwa usiku woti mawa ndi mayeso. Malamulo athu aima pa miyendo ingapo. Pali malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994, omwe ndime 5 yake imati lamulo lililonse lotsutsana nawo n'lopanda mphamvu. Pali malamulo opangidwa ndi aphungu ku nyumba ya malamulo. Pali malamulo a chikhalidwe okhudza ukwati, ufumu ndi minda. Ndiye pali chinthu chomwe tinatengera kwa Angerezi kuyambira mu 1902, nthawi ya atsamunda: mwambo wakuti chigamulo cha khoti lalikulu pa mlandu wa dzulo chimamanga makhoti aang'ono pa mlandu wofanana nawo wa mawa. Mwambo umenewu ndi umene umachititsa mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa kukhala m'laibulale ku Zomba akuwerenga za nkhono ya ku Scotland.

Nkhani yake ili chonchi. Mu 1928, m'tauni ya Paisley, mayi wina dzina lake May Donoghue analowa m'kanyumba kogulitsiramo zakumwa ali ndi mnzake. Mnzakeyo ndi amene anamugulira botolo la chakumwa cha jinja. Botololo linali loderako, losaonetsa za m'kati. Mayiyo atamwako, pothira zotsalazo m'tambula munatuluka nkhono yovunda, malinga ndi dandaulo lake, ndipo iye anadwala. Vuto linali lakuti sanagule yekha, choncho panalibe mgwirizano wa malonda pakati pa iye ndi wogulitsa, ngakhalenso ndi Stevenson, mwini fakitale yomwe inapanga chakumwacho. Akanasumira ndani, pa lamulo liti? Mu 1932 oweruza a House of Lords, khoti lalikulu koposa la ku Britain panthawiyo, atatu mwa asanu, anagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzagwiritse ntchito katunduyo, ngakhale awiriwo sanaonanepo. Mmodzi wa oweruzawo, Lord Atkin, anatenga funso la m'Baibulo lija lakuti mnansi wanga ndani, n'kuliyankha mwalamulo: mnansi wako ndi aliyense amene zochita zako zingamukhudze moti unayenera kumuganizira usanachite. Pa maziko amenewa pamangidwa milandu yosawerengeka ya kusasamala, kuphatikizapo ya ngozi za minibasi pa msewu wa M1.

Chodabwitsa n'chakuti khoti silinatsimikize n'komwe ngati nkhonoyo inalimodi m'botolo. Stevenson anamwalira mboni zisanaimikidwe, ndipo nkhani inathera kunja kwa khoti. Wophunzira wothamanga amakumbukira nkhono. Wodekha amaona kuti oweruza ankayankha funso lina: zitakhala kuti zomwe mayiyu akunena n'zoona, kodi lamulo lingamuthandize? Pa chigamulo chilichonse umayenera kulekanitsa zomwe zinachitika, funso lomwe khoti linafunsidwa, yankho lake, ndi fupa lenileni la chifukwa chake, lomwe m'Chilatini amati ratio decidendi. Zina zonse zomwe jaji wanena podutsa, ngakhale zikome chotani, amati obiter, ndipo sizimanga munthu. Makolo athu ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha sankadziwa za Donoghue v Stevenson, koma anagunda pomwepo.

Amene akuganiza kuti zimenezi n'zakutali akumbukire tsiku la 3 February 2020. Dziko lonse linali pa wailesi pamene majaji asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Michael Tembo, ankapereka chigamulo cha masamba pafupifupi 500 chothetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha mu May 2019. Ambiri timakumbukira Tippex. Koma mbali yomwe inasintha ndale zathu mpaka lero inagona pa liwu limodzi la Chingerezi mu ndime 80 ya malamulo aakulu: majority. Kodi likutanthauza amene waposa anzake onse, kapena amene wapitirira theka la mavoti onse? Mu 2000, pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, khoti la apilo linali litanena kuti kuposa anzako n'kokwanira. Mu 2020 majaji anati ayi, pakufunika kuposa theka, ndipo khoti la apilo linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho. 50+1 yomwe lero ngakhale agogo amaitchula inabadwira pamenepo. Munthu amene sangapirire kukhala tsiku lonse pa liwu limodzi, kulitembenuza uku ndi uku ngati chimanga chootcha, adzavutika kusukulu imeneyi.

Kukonzekera kwake n'kosavuta kukutchula koma kovuta kukuchita: kuwerenga zinthu zazitali zomwe palibe anakutuma, mpaka kumapeto. Amene anakonda phunziro la mbiri yakale amakhala ndi mwayi, chifukwa anazolowera kufunsa kuti izi akunena ndani, ankazidziwa bwanji. Amene anakonda masamu nawonso amachita bwino kuposa mmene anthu amaganizira, popeza anaphunzira kusadumpha sitepe. Ngakhale mnyamata amene anakulira m'kalasi ya Baibulo kapena ku madrasa, akufanizira vesi ili ndi ilo kuti aone ngati zikugwirizana, anayamba kale ntchitoyi. Amene amavutika kwambiri ndi uja anakhoza bwino mayeso onse poloweza mayankho a mapepala a zaka zam'mbuyo.

Tsopano makutu. Munthu wopita kwa loya sapita ndi mlandu, amapita ndi nkhani. Tiyerekeze mayi wamasiye walowa mu ofesi, duku lakuda kumutu, wakhala m'mphepete mwa mpando. Akuyamba ndi mmene anakumanirana ndi malemu, za alamu ake omwe sankamufuna kuyambira kale, za ufa womwe sunakwane pamaliro, za mawu omwe apongozi analankhula pa tsiku lometa. Patha mphindi 40 ndi pamene akutchula, mongodutsa, kuti malata a nyumbayo ankagula ndi iye ndi ndalama za geni yake ya kaunjika, ndipo malisiti anakasungitsa kwa mchemwali wake. Mlandu wonse uli m'chiganizo chimenecho. Lamulo la 2011 la chuma cha masiye limati kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, ndipo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana. Koma lamulolo lingathandize chiyani ngati womvetserayo anawadula mayiwo pa mphindi yachisanu kuti, "Mayi, tapitani pa mfundo"?

Apa ndi pamene mwana amene anakula akukhala kumbuyo pabwalo la mfumu, kapena akumvetsera ankhoswe akukonza banja la achimwene ake pakhonde, amaposa anzake. Anaona ndi maso mfumu itangoti zii, odandaula akulankhula mpaka atopa, kenako nduna n'kufunsa kafunso kamodzi kokha komwe kakugwetsa nkhani yonse. Anaona kuti sagamula asanamve mbali inayo. Akadzakumana ndi mawu oti audi alteram partem m'buku adzangoseka, chifukwa ndi zomwezo. Anamvanso kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo lamulo la umboni, lomwe kawirikawiri limakana mboni yongonena zomwe inamva kwa wina, silidzamudabwitsa.

Komabe mwana yemweyo ali ndi zoti asiye pakhomo, ndipo kusiyako kumawawa. Bwalo la mfumu limafuna anthu ayanjane, chifukwa mawa adzakumana pachitsime ndi pamaliro. Nkhuku kapena mbuzi ikaperekedwa, nkhani yatha. Khoti limafunsa zina: ndani akuyenera kutsimikizira nkhaniyi, ndipo waitsimikizira mokwanira? Pa mlandu wa upandu boma liyenera kubweretsa umboni wosasiya chikayiko chomveka. Mawu oti "mudzi wonse ukudziwa kuti ameneyu ndi wakuba" pabwalo ali ndi kulemera kwake, kukhoti ndi mphepo chabe. Ophunzira ena zimawatengera chaka chathunthu kuti avomereze mumtima kuti munthu amene iwo akukhulupirira kuti anabadi angathe kumasulidwa, ndipo khoti n'kukhala kuti lachita bwino.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo ndikufuna ndiikhalire pang'ono, chifukwa imanyozedwa. Makhoti athu amalemba ndi kugamula m'Chingerezi. Ambiri oimbidwa milandu ndi mboni zawo amalankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitonga. Pakati pamaima womasulira. Ana ambiri okonzekera zamalamulo amangothamangira Chingerezi, ndipo n'zoona kuti popanda Chingerezi cholimba sungapite patali. Koma amene Chichewa chake n'chakuya, wodziwa pamene zilankhulo ziwirizi sizikumana, ali ndi chida chomwe mnzake wophunzira kusukulu zodula za m'tauni alibe.

Taonani zitsanzo. Mboni ikati "anamumenya", Chichewa sichinena ngati womenyayo ndi mwamuna kapena mkazi, koma womasulira ayenera kusankha he kapena she, ndipo akasankha molakwika zolembedwa za khoti zaloza munthu wina. Liwu loti "mchimwene" lingakhale mwana wa mayi ako, lingakhalenso mwana wa amayi aang'ono, ndipo pa mlandu wa chuma cha masiye kusiyana kumeneko ndi nyumba yathunthu. Gogo akati "munda uja ndinamupatsa", akutanthauza kuti anamupatsiratu, kapena anamubwereka kuti azilimapo mpaka adzapeze pake? Mikangano yambiri ya malo imagona pa funso limeneli. Ndipo choopsa kwambiri ndi ichi: majisitireti akufunsa ngati munthu akuvomera mlandu, iye n'kuyankha kuti, "Ndikuvomera, ndinamukankhadi, koma anayamba ndi iye kundisololera mpeni." Kumeneko si kuvomera mlandu ayi. Munthuyo akuvomera zomwe zinachitika koma akuti ankadziteteza, ndipo khoti liyenera kulemba kuti wakana. Amene amamva "koma" ameneyo ndi amene makutu ake anakulira m'chilankhulocho. Choncho mtsikana amene wakhala akumasulira ulaliki kutchalitchi, kapena kuperekeza agogo kuchipatala n'kumawafotokozera zomwe adokotala anena, asadziderere.

Za kulemba ndinene mwachidule, ngakhale mayeso onse ali pomwepo. Funso la mayeso a zamalamulo nthawi zambiri limakhala kankhani kopeka ka tsamba limodzi, kodzaza misampha, kothera ndi mawu oti umulangize uje. Wophunzira ayenera kutola mafunso a lamulo omwe abisala m'kankhaniko, kunena lamulo lake ndi mlandu womwe unaliikira maziko, kuligwirizanitsa ndi zomwe zachitika, n'kufika pa yankho. Mawu aakulu sapatsa malikisi. Amene anakhalapo mlembi wa kwaya, wa komiti ya chitukuko kapena wa banki m'khonde, amene anazolowera kulemba kuti tinagwirizana chakuti, pa tsiku lakuti, wobweza ndi uje pofika mwezi wakuti, amayamba ali patsogolo pa uja wokonda Chingerezi chogometsa.

Palinso khalidwe lina lomwe ndi losowa ngakhale mwa akuluakulu: kutha kuimira mbali yomwe mtima wako ukuikana. Kusukulu ya zamalamulo kuli makhoti oyeserera, omwe amati moot, ndipo ophunzira athu amapikisananso ndi anzawo a m'maiko ena a mu Africa pa mpikisano wokonzedwa ndi University of Pretoria. Kumeneko m'mawa umaimira wodandaula, masana umaimira boma, pa mlandu womwewo. Cholinga si kuphunzitsa bodza. Sungadziwe kulimba kwa mfundo yako usanaime mbali inayo n'kuigenda ndi mphamvu zako zonse. Apa ndi pamene mwana wolongolola uja amagwa, chifukwa iye anazolowera kupambana pokweza mawu, osati pomvetsa mnzake. Kalabu ya mtsutso kusekondale imathandiza, inde, koma imathandiza uja amene ankalemba zomwe mbali inayo yanena, osati amene ankangodikira nthawi yake yoti aombedwe m'manja.

Mlandu wa Kafantayeni ukuonetsa chifukwa chake khalidweli n'lofunika. Kale aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankalandira chilango chimodzi chokha, cha imfa, jaji afune asafune. Mu 2007 khoti linagamula kuti kukakamiza chilango chimenechi mosaona mmene zinthu zinakhalira n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Patapita zaka, akaidi ambiri anabwereranso kukhoti kuti chilango chawo chionedwenso, ndipo panafunika anthu opita m'midzi kukafunsa mafumu ndi abale za moyo wa munthu aliyense: anakula bwanji, mutu wake unali bwino, tsikulo chinachitika n'chiyani. Ntchito yotere imafuna munthu wotha kukhala pamphasa ndi banja la wophedwa m'mawa, n'kukakhala ndi wakuphayo kundende madzulo, onsewo n'kuwamvetsera ngati anthu. Si aliyense angathe, ndipo ndi bwino munthu adzifunse msanga.

Ana ambiri ochokera m'mabanja osauka amaganiza kuti umphawi wawo ndi chinthu chobisa akafika ku yunivesite. Ine ndimaona mwina. Kwa zaka zambirimbiri apolisi ankagwira anthu usiku pa mlandu womwe tonse timautcha vakabu, wochokera mu ndime 184 ya malamulo a milandu ya upandu, lamulo lomwe tinasiyiridwa ndi atsamunda. Mu 2015 a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, anagwidwa m'bandakucha mu mzinda wa Blantyre akupita ku Limbe kukachita geni yawo. Nkhani yawo inafika ku khoti lalikulu, ndipo mu January 2017 majaji anagamula kuti mbali ya ndimeyo yomwe anawagwirira ikuphwanya malamulo aakulu. Lamulolo linali m'mabuku nthawi yonseyi, ophunzira ankaliwerenga n'kulemberapo mayeso. Koma kwa mwana amene mayi ake amadzuka 3 koloko kukapikula tomato, ndime imeneyo si zilembo chabe. Amadziwa amene amagwidwa ndi amene sagwidwa, amadziwa kuti wa galimoto saimitsidwa kufunsidwa komwe akupita usiku. Kudziwa kumeneko ndi komwe kumabala funso labwino, ndipo maphunziro a zamalamulo amayenda ndi mafunso.

Chimodzimodzi amene wagwirapo ntchito yongodzipereka ndi mabungwe othandiza anthu pa zamalamulo. Paralegal Advisory Service inayamba mu 2000 kulowa m'ndende kukaphunzitsa akaidi a rimandi za ufulu wawo ndi mmene angapemphere belo. Legal Aid Bureau imaimira anthu osowa ndalama za loya. Wachinyamata amene wathera ngakhale tchuthi chimodzi pamalo otere, kunyamula mafayilo ndi kulemba maina pamzere, amafika m'kalasi akudziwa kuti pakati pa lamulo lolembedwa ndi zomwe zimachitika pa kauntala ya polisi pali mtunda.

Kukhulupirika ndi nkhani yomwe anthu amaiseka akamva za maloya, ndipo nthabwala zake tonse timazidziwa. Koma ntchitoyi imaika m'manja mwako ndalama za ena: chipukuta misozi cha munthu amene anaduka mwendo pangozi, ndalama zogulira nyumba, chuma cha ana amasiye. Zimakhala mu akaunti yomwe iwe ndiwe wosainira, mwini wake ali kumudzi, sadziwa n'komwe kuti cheke chinatuluka. Malawi Law Society imalandira madandaulo a mtundu umenewu, ndipo loya angathe kulandidwa chilolezo. Munthu sayamba kuba pa mamiliyoni. Amayambira pa ndalama za kalabu ya kusukulu zomwe "anangobwereka" osauza anzake, kapena pa asainimenti yokopera. Amene anasungapo thumba la gulu chaka chathunthu, iye ali ndi njala, n'kudzalibweza lokwanira mpaka tambala yomaliza, wadziyesa kale pa mayeso omwe yunivesite silemba.

Kulimba mtima nakonso kuli ndi mbiri yake m'dziko muno. A Orton Chirwa anayamba ndi uphunzitsi, anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, kenako anakhala loya ku London mu 1958. Akazi awo, a Vera Chirwa, anaphunzira zamalamulo ali kale mayi wa ana, n'kukhala loya woyamba wamkazi wa Chimalawi. Awiriwa anagwidwa mu December 1981, ndipo mu 1983 khoti la makolo la nthawi ya a Kamuzu Banda, komwe maloya sankaloledwa kuimira munthu, linawagamula kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. A Orton anamwalirira m'ndende ya Zomba mu October 1992, a Vera anatuluka mu January 1993 n'kupitiriza ntchito yomenyera ufulu wa anthu. Lero zinthu sizili choncho, koma kukakamizidwa sikunathe. Kumangobwera ndi nkhope zina: foni yochokera kwa bwana, envelopu, malume amene akufuna uwathandize "mwanjira ina". Ndipo onani kuti a Orton ndi a Vera onse awiri anafika ku zamalamulo mozungulira, atakula. Amene ali ndi zaka 35 akudzifunsa ngati wachedwa, sanachedwe.

Kupirira kwa tsiku ndi tsiku sindikuchedwapo, chifukwa wophunzira aliyense wa ku yunivesite m'Malawi amakudziwa: fizi, lendi ya kachipinda kunja kwa sukulu, magetsi kuthima mawa kuli mayeso, ndalama ya fotokope kupikisana ndi ya chakudya. Chapadera ku zamalamulo ndi kuchuluka kwa zowerenga, komwe munthu mmodzi sangakumalize. Magulu okambirana ndi amene amapulumutsa anthu. Wina awerenge milandu iyi, wina iyo, madzulo mufotokozerane ndi kutsutsana. Amene anali nambala wani kuyambira Sitandade 1, wosazolowera kufunsa mnzake kapena kudzudzulidwa pagulu, amavutika pano kuposa amene analawapo kulephera. Mphunzitsi akakuimiritsa m'kalasi n'kuphwasula yankho lako chidutswachidutswa anzako akumvetsera, pamafunika munthu wotha kunena kuti "ndinalakwitsa" n'kubweranso mawa atawerenga.

Amene akufuna kudziyesa asanalembe kalata yofunsira malo sakusowa ndalama zambiri. Mutu 4 wa malamulo aakulu, wonena za ufulu wachibadwidwe, ndi waufupi moti ungauwerenge madzulo amodzi. Zigamulo za makhoti athu zili pa intaneti, pa MalawiLII, zaulere. Tenga chimodzi, cha a Mayeso Gwanda chomwechi, uchiwerenge chonse, kenako uwafotokozere amayi ako m'Chichewa mphindi zisanu. Akamvetsa n'kukufunsa funso lomwe ulibe yankho lake, bwerera ukawerengenso.

Koposa zonse, pita kukhoti la majisitireti la kwanuko Lolemba m'mawa. Milandu yambiri imazengedwa poyera, palibe amene adzakufunse chiphaso, bola uvale bwino, uzimitse foni, uimirire pamene woweruza akulowa. Khala pabenchi yakumbuyo ndi kope. Udzaona galimoto ya polisi ikutsitsa omwe agona m'chitokosi kuyambira Lachisanu, ena opanda nsapato, atamangidwa unyolo awiriawiri. Ndime 42 ya malamulo aakulu imati wogwidwa afikitsidwe kukhoti pasanathe maola 48, kapena pa tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito maolawo akathera pa tsiku lopuma, choncho werengera wekha kuti uyu anagwidwa liti. Udzaona kuti ambiri alibe loya, kuti woimira boma ndi wapolisi wonyamula mulu wa mafayilo, kuti milandu ingapo ingoimitsidwa chifukwa mboni sinabwere kapena fayilo sikuoneka. Padzakhala mlandu wa mbuzi, wa foni, wa ndewu ya pamowa. Majisitireti azilemba ndi dzanja mawu aliwonse, ndipo chipinda chonse chizidikira cholembera chake. Womasulira akatembenuza mawu a mboni, yerekeza ndi mmene iwe ukanawatembenuzira, ulembe pomwe mwasiyana. Pofika 12 koloko benchi idzakhala itakupweteka msana ndipo anthu ambiri adzakhala atatuluka kukafuna chiwaya. Ona ngati iwe ukufuna kubwereranso 2 koloko kudzamva mmene mlandu wa mbuzi uja uthere.